Zitseko za ku Liwonde: atsegule kapena atseke?

Nangondo wa ku Mangochi: Moni nonse. Ndili ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo, m'nyumba ndi m'minda kuno ku Mangochi, ku Salima mpaka ku Nkhotakota. Madooko ena anamira, poyanika usipa panasowa. Aliyense kuno ankanena mawu amodzi: atsegule zitseko zonse za ku Liwonde, zija zotchinga madzi pa mtsinje wa Shire, madzi apite. Mpaka lero mvula ikangoyamba nkhani imeneyi imadzukanso kumsika. Inu odziwa tandimasulireni, chovuta n'chiyani kungotsegula?

Mwana wa Chigwa: Achemwali, madziwo apite kuti? Mukati apite ndiye kuti abwere kwathu. Inu akakufikani m'mawondo mumasuntha thandala la usipa. Ife ku Nsanje akatifika timakwera mumtengo ndi ana.

Nangondo wa ku Mangochi: Pepani achimwene, sindikunena kuti inu mumire. Komatu kunonso anthu nyumba zinawagwera.

Mwana wa Chigwa: Ndikumva. Koma taganizani za Januwale 2015. Ruo anasiya njira yake n'kudula Makhanga, anthu ankapulumutsidwa pa maboti ndi ndege. Mu 2019 kunabwera Idai, mu 2022 Ana, mu 2023 Freddy. Pa Chiromo pamene Ruo amakumana ndi Shire, Ruo akabwera ndi ukali wochokera ku Mulanje amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo lonse. Tsono nthawi ngati imeneyo wina atsegulenso zitseko zonse kumtunda? Njanji ndi msewu wa pakati pa Bangula ndi Chiromo zinaduka mu 1997, pamene timati pa Mtayamoyo paja. Kwa zaka zambirimbiri anthu akhala akuwoloka pa bwato pamenepo.

Aphunzitsi Opuma: Ana anga, nonse mukunena zoona, koma pali masamu ena amene anthu a kunyanja sauzidwa bwino. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 29,600, ndipo khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Ili ngati mtsuko waukulu wokhala ndi kabowo kamodzi kakang'ono. Kuti nyanja yonseyo itsike ndi sentimita imodzi yokha, pafunika kuchotsa madzi okwana makiyubiki mita pafupifupi 296 miliyoni. Tiyerekeze kuti pa Liwonde awonjezera makiyubiki mita 500 pa sekondi pamwamba pa amene akutuluka kale. Amenewo ndi migolo ya malita 200 yokwana 2,500 pa sekondi iliyonse, madzi oti ku Chikwawa ndi ku Nsanje angawamve ndithu. Ndi madzi onsewo, sentimita imodzi ija ingatenge pafupifupi sabata yathunthu. Kuti nyanja itsike ndi theka la mita, ndiye chaka chonse, ndipo apo tikuyesa kuti mvula ndi mitsinje sizikuthiramo kanthu. Ndiye mayi Nangondo, zitseko zikanatsegulidwa zonse, inu mukanadzuka mawa lake madzi ali pakhonde pomwepo, koma mnzanu wa ku Nsanjeyu akanagona pa denga.

Chinanso, kuchokera pa Mangochi kudutsa Malombe kufika pa Liwonde mtsinje ndi wathyathyathya, umangotsika pang'ono kwambiri. Ngakhale mutachotsa baraji yonseyo, ndiye kuti chotchinga madzi cha zitseko chija, madzi sangathamange kuposa mmene njira yake ikulolera. Amene amachotsa madzi ambiri m'nyanja ndi dzuwa ndi mphepo. Pafupifupi magawo anayi mwa asanu a madzi amene nyanja imataya amapita m'mwamba ngati nthunzi, Shire amangotenga kotsalako.

Wa ku Joni: Aphunzitsi mwatikumbutsa Fomu 3 kkkk. Ndiye mukuti baraji ija ndi yokongoletsa chabe?

Aphunzitsi Opuma: Ayi mwanawe. Ntchito yake yaikulu ndi ya nthawi ya chilala. Baraji ya Kamuzu inamangidwa mu 1965, siteshoni ya Nkula A isanayambe kupanga magetsi mu 1966, ndipo cholinga chinali kusunga madzi m'nyanja zaka za mvula yambiri kuti mtsinje usamachepe zaka zowuma. Inakonzedwanso ndi ndalama za World Bank, ili ndi zitseko 14, ndipo oyang'anira ndi a National Water Resources Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la za madzi la 2013. Amene anaimanga ankaopa chinthu chimene chinachitikapo kale. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka. Pakamwa pa mtsinje panatsekeka ndi mchenga ndi bango, ndipo pamene pali nyanja ya Malombe lero anthu ankalima. Zaka 20, osati miyezi. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula, kunalibe mapampu opopera madzi a Shire kupita ku Blantyre, kunalibe nzimbe za ku Nchalo. Zitachitika lero sindikudziwa kuti tingalowere kuti.

Nangondo wa ku Mangochi: Zoti pa Malombe ankalimapo agogo ankatiuza, ife tinkangoti ndi nthano za akuluakulu.

Wamagetsi: Ndilowepo apa. Anthu amaiwala msanga. Mu 2016 ndi 2017 nyanja yomweyi inali pansi, madzi mu Shire anachepa, magetsi ankazima tsiku lonse, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo okwera mtengo. Nthawi imeneyo anthu ankakalipa kuti bwanji simunasunge madzi. Patangopita zaka 7 akukalipa kuti bwanji mwasunga madzi. Pakati pa Matope ndi Kapichira mtsinje umatsika mamita pafupifupi 400, ndiye Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zinandandalikidwa pamenepo. Dontho limodzi lomwelo limazunguza makina pa Nkula, kenako pa Tedzani, kenako pa Kapichira. Nzeru yake ndi yabwino, koma tanthauzo lake n'lakuti magetsi athu a madzi pafupifupi onse ali pa mtsinje umodzi. Kupatula ka Wovwe ku Karonga ka mamegawati 4.5 ndi tina ting'onoting'ono ta ku Mulanje, zonse ndi Shire.

Nabanda wa ku Ndirande: Nanga poti nyanja yadzaza chonchi, magetsi amazimiranji nthawi ya mvula? Ine ndimayesa madzi akachuluka ndiye kuti magetsi mbwee.

Wamagetsi: Mayi, madzi a dzinja sabwera okha. Amabwera ndi matope, zitsa, nthochi zathunthu, mapepala apulasitiki ndi namasupuni. Zonsezo zimakatseka masefa a pakhomo la makina, ndiye amachita kuzimitsa makina kuti achotse zinyalala. Pa Liwonde anaikapo chingwe chachikulu chotchinga namasupuni, palinso makina odula udzu wa m'madzi ndi okumba matope amene anabwera ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation la 2013 mpaka 2018. Koma matope akukumbidwa uku ena akubwera. Dziwe la pa Nkula linadzaza mchenga moti madzi amene limasunga ndi ochepa poyerekeza ndi mmene linamangidwira. Ndipo mchenga ukalowa m'makina umadya zitsulo.

Kenako pali zija za pa 24 Januwale 2022. Namondwe Ana anaphwasula damu la Kapichira, mamegawati 129.6 anachoka tsiku limodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a magetsi a madzi a dziko lino. Anabwerera mu 2023. Madzi amene anaphwasula Kapichira sanachokere kunyanja ayi. Anachokera m'mitsinje ya pansi pa Liwonde monga Rivirivi, Lisungwi, Lirangwe ndi Mkulumadzi, imene baraji ilibe nayo mphamvu. Mapiri a kumeneko ali mbee, mvula ikagwa siima, imangotsetsereka ndi dothi lomwe.

Wa ku Joni: Basi tawapeza olakwa. A ku Neno ndi ku Mwanza, makala anu aja a pa Zalewa ndi amenewa. Mwameta mapiri onse.

Mlimi wa ku Neno: Aise, lankhulani bwino. Makala a pa Zalewa amaphikira ndani? Kwathu kuno timaphikira nkhuni ndi zitsononkho. Palibe mayi wa m'mudzi amene angawononge makala kuphikira nyemba. Matumba onse amene mumawaona pa njinga usiku, anyamata akukankha chitunda cha ku Lunzu thukuta lili kamukamu, akupita kwa a Nabanda ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Namiwawa komwe kuli mipanda ya njerwa. Ine ndinaotchapo makala, sindibisa. Kudula tsanya ndi nkhwangwa, kuduladula, kusanja, kukwirira ndi udzu ndi dothi, kenako kugonera uvuni usiku kuopa kuti ungaboke moto n'kupsereza zonse kukhala phulusa. Chifuwa chimachita kulira ndi utsi. Nkhuni zimene zimalowa mu uvuni n'zolemera kasanu kapena kuposa poyerekeza ndi makala amene amatuluka. Ndipo pa ndalama imene mayi wa m'tauni amalipira, wootchayo amalandira kochepa kwambiri. Zambiri zimathera kwa wagalimoto, kwa wopikulitsa ndi m'njira monse muja mukudziwa. Munthu sachita ntchito imeneyo chifukwa choikonda. Chimanga chikatha mu Novembala, mwana akufuna fizi, mtengo uli apo ndiwo banki.

Nabanda wa ku Ndirande: Bambo a ku Neno, apo mwandilasa ndipo sindikana. Mbaula yanga ili pakhonde pano. Koma ndiphikire chiyani? Gasi wake mtengo mukuudziwa, ndipo silinda yoyamba ndi chitofu chake zimafuna ndalama ya pamodzi. Magetsi akazima 5 koloko madzulo, ana adye chiyani? Ngakhale mabwana okhala ndi makuka amasunga thumba la makala kuseri.

Wamagetsi: Ndiye mwaona mmene chikuzungulira. Magetsi akazima a Nabanda amagula makala. Makala akagulidwa a ku Neno amadula mitengo. Mitengo ikatha dothi limatsikira pa Nkula, magetsi n'kuzimanso. Chaka chija Kapichira inafa, ndani sanaone mmene makala anakwerera mtengo?

Nabanda wa ku Ndirande: Ndipo phiri lathu la Ndirande lomweli, amene anabadwa kale amati linali nkhalango yoti masana kuchita mdima. Linatha m'zaka za m'ma 1990. Lero ndi minda mpaka pamwamba. Za ku Soche ndi Chilobwe mu Malichi 2023 sindifuna n'kuzikamba komwe, matope ndi miyala zinatsika usiku anthu ali m'tulo.

Aphunzitsi Opuma: Akuluakulu akale akanati wadutsa Napolo, monga ananenera ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Tisanamizane, mvula ya Freddy inali yoopsa moti ngakhale phiri la mitengo likanagumuka malo ena. Ku Mulanje kunagumuka malo amene munthu sanalimepo. Mitengo siletsa chilichonse. Chimene imachita n'kuchepetsa liwiro la madzi pa mvula ya masiku onse, kuti alowe pansi, akasupe azitulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala. Mitsinje yambiri imene kale inkayenda chaka chonse lero imasefukira mu Febuluwale n'kuphwa mu Ogasiti.

Koma mayi Nabanda, ndikufunseni. Madzi a pa mpopi wanu amachokera kuti?

Nabanda wa ku Ndirande: Si ku damu la Mudi kuseri kwathu konkuno?

Aphunzitsi Opuma: Mudi amapereka kagawo kochepa. Ena amachokera ku Likhubula ku Mulanje kuyambira mu 2019. Koma ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, pafupi ndi Nkula. Amawapopa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kudzera ku Chileka, kuwakweza mamita pafupifupi 800. Madzi ndi olemera, kiyubiki mita imodzi ndi tani yathunthu. Ndiye ndalama yaikulu ya bungwe la madzi mu Blantyre imathera ku magetsi opopera. Mtsinje umodzimodziwo ukupereka madzi, ukuperekanso mphamvu yokwezera madziwo. Ukadetsedwa ndi matope, mankhwala oyeretsera amafunika ambiri, mapampu amatha msanga, ndipo zonsezo zimakathera pa bilu yanu. Mukachapa, madzi akudawo amalowa mu Nasolo ndi Mudi pamodzi ndi zotayidwa za m'mafakitale ndi zimbudzi zophulika, n'kutsikira ku Chikwawa kukalowanso mu Shire. Kumeneko wina akutunga.

Mwana wa Chigwa: Wina wakeyo ndi ife. Mutitumizire madzi osefukira, mutitumizire mchenga wokwirira minda, mutitumizirenso zonyansa za m'tauni. Kenako pa wailesi muzitinena kuti anthu a kuchigwa ndi osamva, amakana kusamukira kumtunda chifukwa chokonda zolandira. Bwerani mudzaone kumtunda kumene amatiuza kuti tipiteko. Ndi miyala, mjigo ukakumbidwa madzi ake ndi amchere. Pamene kudimba, madzi akaphwera mu Epulo ndi Meyi timadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda feteleza, chifukwa dothi lake ndi lija lachoka kwa a ku Nenoli. Ku Elephant Marsh ndi ku Ndinde anthu amapha mlamba ndi makakana. Chigumula chapakatikati ndicho chimatidyetsa. Chimene chimatipha ndi chija chobwera usiku mwadzidzidzi.

Mlimi wa ku Neno: Ndiye feteleza wanga amene ndimagula movutika uja mukudyera ndinu eti? Mubweze kkkk.

Mwana wa Chigwa: Bwerani ndi ngolo mudzatenge, mutengenso ndi ng'ona zake.

Wa ku Joni: Koma nanga ngalande yaikulu ija akukumba ku Chikwawa? Ndimayesa ndiyo ithetse njala kuchigwako.

Wamagetsi: Imeneyo ndi Shire Valley Transformation Programme. Ngalande ikuyambira pa damu la Kapichira, kudutsa m'mphepete mwa Majete, kulowera ku Lengwe mpaka ku Bangula, ndipo madzi aziyenda okha popanda pampu. Cholinga ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Mbali ina ndi yabwino kwambiri, chifukwa minda ya nzimbe ya ku Nchalo pakadali pano imapopa madzi mu Shire ndi magetsi ambiri, ndiye ikalumikizidwa ku ngalande magetsi amenewo apita kwina. Koma ngalandeyo inakonzedwa kuti izitha kutenga mpaka makiyubiki mita 50 pa sekondi, ndipo ikutengera pamwamba pa makina a Kapichira. Madzi olowa mu ngalande sadutsa m'makina. Chaka cha madzi ambiri palibe angadandaule. Chaka chonga 2016, mu Okutobala, wina adzayenera kusankha pakati pa magetsi, nzimbe ndi dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2017.

Mwana wa Chigwa: Ndipo pa atatuwo wopanda bwana womuyankhulira ndi dambo. Msodzi wa mlamba sakhala nawo pa msonkhano wa ku hotela.

Aphunzitsi Opuma: Apa pali nkhani imene sitiiganizira. Akatswiri owerengera madzi amene mbewu zimamwa amati kilogalamu imodzi ya shuga wa nzimbe imadya malita oposa 1,500 kuchokera kumunda kufika m'paketi, mpunga pafupifupi 2,500. Ndi chiwerengero cha dziko lonse lapansi, malo ndi malo zimasiyana, koma chikupereka chithunzi. Kuchigwa kumatentha, mvula ndi yochepa, ndiye gawo lalikulu la madzi a nzimbe limachokera mumtsinje. Thiraki ya shuga ikamatuluka pa Mwanza kapena pa Muloza, ikutenga Shire kupita naye kunja. Sindikuti n'kulakwa, dziko limafuna ndalama zakunja ndipo anthu masauzande amadyera pomwepo. Ndikungoti tikamakangana za madzi tisamayang'ane chidebe cha mayi pa mjigo. Madzi akumwa ndi ochapira ndi kadontho poyerekeza ndi a ulimi wothirira.

Wa ku Joni: Ndiye ine shuga wa kumudzi amene ndimaitanitsa pa basi uja ndikumwa Shire ndili ku Johannesburg? Ndasiya kudzimvera chisoni.

Wa ku Chipata: Anzathu a ku Malawi, ndakhala ndikungowerenga. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ife mu 2024 pamene inu munali kulira madzi ochuluka, Kariba inatsika mpaka makina a mbali ya Zambia anatsala pang'ono kuzimiratu. Malaiti ankapita maola 21 pa tsiku. Ometa, owotcherera zitsulo, azigayo, onse anakhala pansi. Ndipo makala anakwera mtengo ngati kwanu komweko. Chaka chimodzi chomwecho cha El Niño, kum'mwera kuli chilala, koma kumpoto kwa nyanja yanu mvula ikugwa yambiri. Musamaone nyanja yodzaza n'kumaganiza kuti ndinu otetezeka. Ifenso Kariba tinkaiona ngati singathe.

Nangondo wa ku Mangochi: Zimenezo zinatidabwitsadi. Kuno chimanga chinapserera m'munda ndi dzuwa, boma mpaka kulengeza za ngozi ya chilala, koma nyanja ikukwera. Anthu ankati ndi zamatsenga.

Aphunzitsi Opuma: Si matsenga mayi, ndi mapu. Madzi ambiri a m'nyanja amachokera kumpoto. Mtsinje waukulu kuposa yonse yothira m'nyanja ndi Ruhuhu wa ku Tanzania. Onjezani Songwe wa m'malire, North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe, komanso mvula yogwera pa nyanja penipenipo. Mvula ya ku mapiri a ku Tanzania ndi ku Nkhata Bay ndiyo imalamula ngati ku Blantyre kuyake magetsi. Ngakhale mu 1980 nyanja inakwera kuposa mu 2024, kungoti nthawi imeneyo m'mphepete munalibe nyumba zambiri chonchi. Ambiri anamanga zaka zimene nyanja inabwerera m'mbuyo, pamalo pamene ndi pake pa nyanja.

Wa ku Joni: Tanzania yomwe ija ikuti theka la nyanja ndi lawo?

Aphunzitsi Opuma: Imeneyo tiisiye, ingatithere usiku. Malire akhale pamene akhale, madzi a Ruhuhu tikuwafuna. Pali bungwe la ZAMCOM la mayiko 8 a m'chigwa cha Zambezi: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004, likulu lili ku Harare. Kumeneko ndiko nkhani zotere zimayenera kukambidwa.

Wa ku Joni: Komabe magetsi a ku damu la Cahora Bassa ku Mozambique akamabwera pa nthambo ija yofikira ku Phombeya ku Balaka, ndi madzi athu omwe a Shire akubwerera kwawo.

Wa ku Chipata: Ayi mkwasu, Shire amalowa mu Zambezi kumunsi kwenikweni, Cahora Bassa ndi Tete zili kale m'mbuyo. Madzi a Cahora Bassa ndi ochokera ku Kariba, ku Kafue ndi ku Luangwa kwathu kuno. Ndiye nthambo ya ku Matambo kufika ku Phombeya ikuthandizani pamene vuto lili la Shire yekha. Chilala chikagwira chigawo chonse, aliyense amayamba wasunga zake.

Wamagetsi: N'chifukwa chake sola ya ku Salima ya mamegawati 60 ndi ya ku Golomoti ya 20 ndimaziwerengera ngati nkhani ya madzi. Masana dzuwa likamagwira ntchito, madzi akhoza kusungidwa kudikira madzulo. Koma kusunga kumafuna dziwe, ndipo maiwe athu ndi aang'ono, odzaza matope. Siteshoni ya Mpatamanga, imene akufuna kumanga pakati pa Tedzani ndi Kapichira ya mamegawati oposa 350, ikubwera ndi damu lalikulu losungira madzi a madzulo. Ili pa Shire yemweyo. Ngati Lisungwi apitiriza kubweretsa dothi la ku Neno, tidzangomanga nkhokwe ina ya matope yokwera mtengo.

Nabanda wa ku Ndirande: A ku Lilongwe ali chete ngati sizikuwakhudza.

Mlangizi wa ku Balaka: Zikuwakhudza mayi. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama, n'kukathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima. Dzalanyama inadyedwa ndi makala mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Pano akuyala mapaipi oti azikapopa madzi ku nyanja kukweza ku Lilongwe. Ndi Walker's Ferry ina imeneyo, yotalika kuposa.

Koma ine ndikufuna ndibwerere kwa bambo a ku Neno, chifukwa nonse mwakamba za mamegawati ndi mahekitala, koma dothi limachoka m'munda wa munthu mmodzimmodzi. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timakhala ndi nyengo yodzala mitengo. Mabwana amabwera, amajambulitsa atagwira kambande, amathirira ndi keni yatsopano, n'kumapita. Mukabwerera mu Seputembala mupeza mbuzi zadya, chiswe chadula, moto wa osaka mbewa wamaliza. Zimene ndaona zikugwira kuno ndi zosajambulika bwino. Kusiya zitsa kuti ziphukire, n'kupatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Chitsa cha mombo kapena tsanya chili kale ndi mizu yakuya, sichifuna kuthirira, ndipo pa zaka zochepa mwayamba kudula nthambi za nkhuni. Kulima mizere yopingasa potsata akalozera, kudzala vetiva pa mgula, kutseka zigwembe ndi miyala zikadali zazing'ono. Mudzi umene mfumu yake yaletsa moto ndi mbuzi zoyendayenda m'chilimwe, phiri limabwerera lokha.

Mlimi wa ku Neno: Alangizi, zonsezo ndikuzidziwa ndipo zina ndikuchita. Vetiva ndinadzala, mgula ulipo. Koma ndifunse. Ndikasiya kulima m'mbali mwa mtsinje, pamene ndi pokhapo pamene ndimapeza tomato ndi masamba a chilimwe, wopindula ndani? Magetsi a pa Nkula amadutsa pamwamba pa mudzi wathu pa nthambo, ife tikuunikira tochi ya pa foni. Madzi oyera akupita ku Blantyre. Ine ndataya dimba, iwo apeza phindu. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, chabwino, wogwidwa ndi wa njinga. Bwanji pa bilu ya magetsi ndi ya madzi pasakhale kandalama kobwerera ku midzi imene ikusunga mitsinje? Osati kudzera m'maofesi khumi ayi, kufika kumudzi, mudzi umene phiri lake labwerera uzilandira.

Nabanda wa ku Ndirande: Iii bambo, bilu yomweyi ikutilemera kale, muonjezereponso?

Mlimi wa ku Neno: Mukulipira kale mayi. Aphunzitsi anena kuti matope anga ali pa bilu yanu. Kusiyana kwake n'koti pano ndalamayo ikupita kwa wogulitsa mankhwala oyeretsera madzi ndi wokumba matope.

Wamagetsi: Mfundo imeneyo ndi yolemera. Ku Kenya anachita zofanana nazo pa mtsinje wa Tana umene umamwetsa Nairobi, makampani a kumunsi amaika ndalama m'thumba lothandiza alimi a kumtunda. Vuto kwathu kuno ndi kukhulupirirana. Ndani asunge thumbalo?

Mwana wa Chigwa: Mukamagawana ndalamazo mutikumbukire. Ife pempho lathu ndi laling'ono. Zitseko za ku Liwonde zikamawonjezeredwa, uthenga uzifika kwa mfumu ndi pa wailesi za m'madera masiku angapo madzi asanafike, m'Chisena ndi m'Chimang'anja, osati chikalata cha Chingerezi pa Facebook. Munthu azidziwa kuti mbatata za kudimba akumbe lero kapena adikire.

Nangondo wa ku Mangochi: Ndipo ifenso atiuze pamene pali malire enieni a nyanja, aikepo zipilala zooneka, anthu asamagulitsidwe malo a m'madzi chaka chouma. Alangizi, nsungwi zija amati zimapanga makala, n'zoona? Kuno m'mbali mwa mtsinje malo alipo.

Mlangizi wa ku Balaka: N'zoona mayi, makamaka nsungwi zazikulu zija. Mukadzala kumayambiriro kwa mvula mumadikira zaka zinayi kapena zisanu, kenako mumadula zokhwima zokha chaka ndi chaka, phata limaphukiranso, ndipo mizu yake imagwira gombe. Makala ake ndi opepuka, amayaka msanga kuposa a tsanya, ndiye amayi ena m'tauni amawadandaula pophika nyemba. Zaka ziwiri zoyambirira muzitchingire ndi minga, mbuzi zimakonda mphukira zake koopsa.

Nabanda wa ku Ndirande: Nyembazo tizidzaviika usiku. Bambo a ku Neno, mukadzayamba kuotcha a nsungwi thumba loyamba ndi langa, koma mtengo wake usadzakhale wa pa Zalewa.

Mlimi wa ku Neno: Zaka zisanu mayi. Pakatipa fizi ya mwana mulipira ndinu?